Liwu la Kukhoti pa Chipata cha Mishoni

Pakhomo pa a Cyprian Chipungu ku Bundabunda, ngakhale nkhuku zinkadzudzulidwa m'Chingerezi. Zikati zalongolola pakhonde mwini nyumba akumvera nkhani pa wailesi, iwo ankamenya dzanja pa mpando n'kunena mokweza kuti, "Silence in court!" Akazi awo, mayi Susan, anali atazolowera. Ankangotola chitsononkho n'kuponyera nkhukuzo, maso ali pa lichero la nyemba zomwe ankasankha.

A Cyprian anagwira ntchito ya umesenjala pa khoti lina ku Lusaka zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Sukulu sanapite nayo patali, koma makutu awo anali akuthwa, ndipo mawu onse ogwa pakamwa pa maloya ankawatola n'kuwasunga ngati mbewu. Atapuma pa ntchito anabwerera kumudzi ndi njinga, jekete lakuda la mabatani onyezimira, ndi Chingerezi chodzaza m'kamwa. Njinga inatha matayala, popeza zaka zimenezo tayala linkasowa m'masitolo ngati mmene ankasowera sopo ndi mafuta ophikira. Jekete linasuluka m'mapewa. Koma Chingerezi chokha ndiye chinkangophukira chaka ndi chaka.

Sanali munthu woipa. Ankalembera anthu makalata osawalipiritsa, ankawathandiza kudzaza mafomu a feteleza, ndipo anali mlembi wa nthambi ya chipani, pakuti masiku amenewo chipani chinali chimodzi ndipo wodziwa kugwira cholembera sankathawa udindo. Kutchalitchi analinso m'bungwe la akuluakulu. Chilema chawo chinali chimodzi: liwu likangotuluka pakamwa pawo ankalitenga ngati chigamulo, ndipo chigamulo, monga ankanenera eni ake, sachibweza.

Chaka chimenecho, chimanga chitalowa m'nkhokwe, pamishoni panamveka nkhani yakuti Bambo Stefano akubwerera kwawo ku Ulaya. Wansembeyu anali atakhala pakati pa anthuwo zaka makumi atatu. Anakumbitsa zitsime, anaika maliro a makolo awo, anabatiza ana awo, ndipo Chinyanja ankachiyankhula mpaka miyambi. Tsopano chifuwa chinali chitawafooketsa. Mpingo unagwirizana kuti Lamulungu loyamba la mwezi wa Julaye likhale tsiku lotsazikana nawo. Loweruka lotsatira adzagwire ntchito yawo yomaliza, yomwe inali kudalitsa ukwati wa Clementina, mwana wamkazi wa a Cyprian, ndipo Lachiwiri adzakwere ndege.

Ukwati umenewu sunabwere mophweka. Mwamuna wake, Ezron, anali mwana wa a Abson Ngoma, amene anasamuka ku Katete kudzalima kuno ndipo ankagulitsa matimati m'mbali mwa msewu waukulu wopita kum'mawa. A Ngoma anali mkulu wa mpingo wa Dachi, munthu wa mawu ochepa amene Baibulo lake linali litada m'mphepete chifukwa chowerengedwa. Atamva kuti mwana wawo wakonda mtsikana wa Chikatolika, anakana, nati sangapereke mwana ku mpingo umene umagwadira anthu ndi zosema. Ankhoswe a Ezron, a Lyford, anayenda pakati pa makomo awiriwo zaka ziwiri mpaka nsapato kubooka. Pomaliza Bambo Stefano anapalasa okha njinga kupita kwa a Ngoma, nakhala nawo pansi pa mtengo wa mango tsiku lathunthu. Anawafotokozera kuti kupembedza n'kwa Mulungu yekha, ndipo ena onse, kaya ndi oyera mtima kaya ndi ansembe, amangolemekezedwa monga mmene mwana amalemekezera kholo. A Ngoma anavomera. Akulu anzawo a mpingo anang'ung'udza, koma iwo anati amva okha kuchokera kwa mwini wake ndipo sakuona chifukwa chomukayikira. Analonjezanso kuti adzabwera ku mwambo wotsazikana, ndipo adzabwera ndi akulu anzawo awiri kuti nawonso adzadzionere.

Bungwe la tchalitchi litakumana kugawana ntchito, a Cyprian anapatsidwa yolemba mawu pa nsalu yodzapachika pa chipata. Ambiri ankafuna kuti mawuwo akhale a Chinyanja. A Cyprian anaimirira, nakoka jekete, nakumbutsa anthu kuti kudzabwera ansembe ochokera ku Lusaka ndi akuluakulu a chipani a m'boma lonse, ndipo si bwino kuti alendo akanene kuti ku Bundabunda kulibe munthu wophunzira. Palibe anatsutsa. Nsalu yatsopano inali yosapezeka, choncho amayi anachapa matumba anayi a ufa mpaka kuyera mbee, nawasoka pamodzi. Penti wofiira anapezeka wotsala pa zitseko za tchalitchi.

Lachisanu masana a Cyprian anayala nsaluyo pabwalo, naika miyala m'ngodya zake, nayamba kujambula zilembo ndi khala kuti penti adzangotsata. Anali atagwada choncho pamene kunatulukira Juliana, mwana wa mlongo wawo, amene ankaphunzitsa pa sukulu ya pulaimale ya pafupi. Anabweretsa shuga amene anaimira pamzere m'mawa wonse kuti athandize pa ukwati. Atapereka moni anaima pambali n'kuwerenga: FATHER STEFANO WE WORSHIP YOU. Anawerenganso kachiwiri, kenaka anagwada pafupi ndi amalume akewo n'kuyankhula motsitsa mawu.

"Amalume, zilembo zaoneka bwino. Koma liwu ili la worship silili bwino apa. Tanthauzo lake ni kupembedza. Mwalemba kuti timawapembedza Bambo Stefano."

A Cyprian anaika khala pansi, napukuta zala pa udzu. "Iwe Juliana, unalowapo mu khoti? Ine zaka zonse zija nakhala nikumva maloya, anthu ophunzira kunja, akuitana woweruza kuti Your Worship. Manje ufuna kuniuza kuti maloya onse aja anali kupembedza munthu? Ili ni liwu la ulemu, ulemu waukulu, osati Chizungu chanu chophunzitsa ana."

Juliana anayesa kufotokoza kuti la kukhoti ndi dzina laulemu la mpando, koma likaikidwa mmene analiikiramo limasanduka lina. Anatchula mawu ena awiri amene akanakwana bwino pamalopo. Anati kusukulu kuli dikishonale, ndipo atha kuthamanga kukaitenga dzuwa lisanapendeke. A Cyprian anaseka pang'ono, nati buku analemba ndi munthu, pamene iwo anamva ndi makutu awo. Anatsegula chitini cha penti mtsikanayo akuona.

Juliana analowa m'khitchini nauza mayi Susan. Mtsikanayo analingalira zopita kwa asisitere a pamishoni kukawatsina khutu, koma anaona kuti mwana kukanenera amalume ake kwa anthu akunja n'kuwavula pagulu, ndiye anangobwerera kwawo mtima uli m'mwamba. Pa chakudya chamadzulo mayi Susan anayesa mwaulemu. Anati iwo Chingerezi sachidziwa, koma kufunsa sikuchotsa munthu ulemu, ndipo bwanji osakawaonetsa Bambo Stefano eni ake mawuwo pa kapepala. A Cyprian anayankha kuti mphatso saionetsa mwini wake tsiku lisanafike, ndipo mlandu watha. Clementina, amene mwina akanawagwira dzanja atate ake, anali kwa azakhali ake kumene amayi ankamulangiza za banja.

Lamulungu m'mawa nsalu inapachikidwa pa chipata cha mishoni, pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu, zilembo zofiira zikuonekera patali. Anthu ambiri sankatha kuwerenga Chingerezi. Ankaima, n'kuyamikira kuwongoka kwa zilembo, n'kugwira chanza a Cyprian, amene anaima pansi pake atavala jekete lawo, nsapato zopukutidwa. Aphunzitsi awiri anawerenga, nayang'anana, nalowa mwakachetechete. Mlendo wina wa chipani anamwetulira n'kunong'oneza mnzake, ndipo a Cyprian anaganiza kuti akuwatama.

Kenaka anafika a Ngoma. Anali ndi akazi awo mayi Tryness, atasenza dengu la mtedza loti apatse wansembe, ndipo akulu awiri a mpingo wawo ankabwera pambuyo. A Ngoma anaphunzira pa sukulu ya mishoni kwawo ndipo Chingerezi ankachiwerenga bwino, ngakhale sankakonda kuchiyankhula. Anaima mapazi angapo chipata chisanafike. Milomo yawo inagwedera pang'ono powerenga. Mmodzi wa akulu aja anakhosomola, winayo napinda manja pachifuwa. A Cyprian anapita kukawachingamira manja ali tambasu.

"A Chipungu," anatero a Ngoma atalandira moni, "nindani walemba nsalu iyi?"

"Ni ine, a Ngoma. Na dzanja langa."

"Ndipo zimene mwalembazi nizo zili mumtima mwanu?"

"Liwu lililonse. Osati ine nekha, koma mpingo wonse. Ni mmene timawaonera Bambo Stefano."

A Ngoma sanakweze mawu. Anangouza akazi awo kuti atule dengu pa chipata, pakuti mtedza ulibe mlandu. Anavala chipewa chimene anali atachivula, natembenuka. Anthu anayi aja anabwerera njira yomwe anadzera, osacheuka, a Cyprian ataima kukamwa kuli yasa, osadziwa chimene chawalasa alendo awo.

Belu linalira. Mdipiti unayamba kuchokera ku nyumba ya ansembe kuti uzungulire ndi kulowera pa chipata, kwaya patsogolo, ana ovina pambuyo pake, ndipo Bambo Stefano kumapeto akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo. Atafika pafupi anakweza maso, naima. Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Kwaya inapitiriza kuyimba mpaka inazindikira kuti kumbuyo kwaima, ndipo nyimbo inazima pang'onopang'ono ngati moto wosowa nkhuni. Wansembeyo anakodola a Cyprian, nayankhula motsitsa, koma m'bata limenelo mawu anamveka kwa onse amene anali pafupi.

"A Cyprian, ndikudziwa kuti mwalemba ndi chikondi. Koma ine sindingadutse pansi pa mawu awa. Ndine fumbi monga inu. Wopembedzedwa ndi mmodzi yekha. Chonde, itsitseni."

Makwerero anabwera. Anyamata anafuna kukwera, koma a Cyprian anawakankhira pambali nakwera okha. Mfundo anali atazimanga zolimba kwambiri m'mawa uja, moti zinawatengera nthawi kumasula, anthu mazana akuyang'ana msana wawo. Atatsika anapinda nsaluyo zilembo zili m'kati, naipanira m'khwapa. Misa yonse anakhala pa benchi la kumbuyo. Bambo Stefano sanatchulepo nkhaniyo pa ulaliki, ndipo pa chakudya anawaitana kuti akhale pafupi nawo, koma a Cyprian anasiya chakudyacho m'mbale.

Lolemba m'mawa a Lyford anafika. Anakhala pa mpando, nafunsa za moyo wa onse mmodzimmodzi, kenaka anatula uthenga: a Ngoma akuti ukwati wa Loweruka uyambe waima. Akulu awiri aja anali atakafotokoza kale ku mpingo zimene anaona ndi kumva, ndipo anthu ankanena kuti mkulu wawo ananyengedwa pansi pa mtengo wa mango, zoona zake zaonekera pa chipata. A Cyprian anapsa mtima. Anati anthu a kum'mawa amakonda kukulitsa tinthu, ndipo Bambo Stefano, pokhala kuti kwawo sayankhula Chingerezi, mwina nawonso sanalimve bwino liwulo. A Lyford sanatsutsane nawo. Anangoti iwo ndi mthenga, natsazika.

Clementina anabwera Lachiwiri masana. Nkhani inali itamupeza kale kwa azakhali ake. Sanalire pamaso pa anthu. Analowa m'nyumba, natenga diresi loyera limene linapachikidwa kuseri kwa chitseko, nalipinda bwinobwino n'kuliika pansi pa sutikesi. Atatuluka anapeza atate ake pakhonde, wailesi ili chete. Anagwada chapatali.

"Atate, nimva kuti Juliana anakuuzani musanapake penti. Ni zoona?"

"Anakamba, inde."

"Basi. Nifuna chabe kudziwa."

Anadzuka napita kukatunga madzi. Akanakhala kuti anakalipa, a Cyprian akanapeza poyankhira. Koma mawu ofatsa amenewo anawakhala pamtima ngati mwala.

Lachitatu anavala malaya wamba, nayenda wapansi kupita ku sukulu. Anadikira panja mpaka ana atatuluka kokapuma. Juliana atawaona sanafunse chimene abwerera. Anawapatsa mpando, natenga dikishonale, natsegula pa tsamba lake, nawaikira patsogolo. A Cyprian anatsata ndi chala mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. Tanthauzo loyamba linali kupembedza Mulungu. Lachiwiri silinali kutali ndi loyambalo. Kumunsi kwenikweni, m'tizilembo ting'onoting'ono, ndi kumene kunali la kukhoti lija, litalembedwa kuti ndi dzina loitanira woweruza. Anakhala nthawi yaitali chala chili pomwepo. Kenaka anatseka bukulo, nalibweza ndi manja awiri, nauza mwana wa mlongo wawoyo kuti anali kunena zoona. Juliana anayang'ana kumbali, pakuti sanafune kuona nkhope ya amalume ake ili choncho.

Kuchoka apo sanabwerere kunyumba. Analunjika kwa a Ngoma, mtunda wa maola awiri, dzuwa lili pamutu. Anawapeza akusanja matimati m'mabokosi. Anakana mpando nakhala pa chitsa. Anafotokoza zonse m'Chinyanja chosasakaniza: za khoti, za maloya, za Juliana ndi dikishonale, za akazi awo amene anawapempha kuti akafunse. Sanadzichepetsere mlandu. Anati mpingo wawo sunalembe nsaluyo ndipo sunafunsidwe, wolakwa ndi iwo okha, ndipo mwana asalangidwe chifukwa cha kuuma mutu kwa atate ake. A Ngoma anamvetsera mpaka kumapeto. Anawauza kuti Bambo Stefano nawonso anali atatumiza kalata dzulo lake yonena zomwezo.

"Nakumvani, a Chipungu, ndipo nikhulupirira kuti simunafune kupembedza munthu. Koma anzanga aja anawerenga ndi maso awo, ndipo yankho lanu analimva ndi makutu awo. Ine ninaika dzina langa pa ukwati uwu pamaso pa mpingo. Ngati nibwera Loweruka ngati palibe chachitika, sadzanimveranso pa chilichonse. Nipatseni nthawi."

A Cyprian anapempha kuti awalole kukaima okha pamaso pa akulu a mpingowo. A Ngoma anati zimenezo zingathandize, koma akulu amakumana kamodzi pamwezi, ndipo mwezi uno anakumana kale.

Loweruka linafika n'kudutsa. Mbuzi ziwiri zimene zinali zoti ziphedwe zinabwezedwa kubusa, ndipo chimera cha thobwa anachigawa kwa anansi kuti chisaonongeke. Lachiwiri galimoto ya mishoni inanyamula Bambo Stefano kupita ku bwalo la ndege. Asanakwere anaitana Clementina, namuika dzanja pamutu, namuuza kuti apirire, pakuti Ezron ndi munthu woti amudikire. Mtsikanayo analira pamenepo, kwa nthawi yoyamba, ndipo a Cyprian anaonera chapatali atabisala kumbuyo kwa anthu.

Mwezi wotsatira anakaimadi pamaso pa akulu a mpingo wa Dachi, chipewa chili m'manja. Akulu aja anawafunsa mafunso ambiri, ena obaya, ndipo a Cyprian anayankha onse mofatsa. Akuluwo anati akaganizire. Anawaitananso kachiwiri mwezi wa Okutobala, ndipo pamene ankagwirizana kuti nkhaniyo inali kuphophonya kwa munthu mmodzi osati chiphunzitso cha mpingo, mvula inali itagwa, anthu onse ali m'minda, ndipo panalibe woganiza za ukwati. Miyezi yonseyo Clementina ankawapatsa atate ake madzi osamba ndi chakudya monga mwa masiku onse, koma nthabwala zimene ankachita nawo kale zinatha. Ezron ankabwera Lamulungu masana, n'kukhala pang'ono, n'kubwerera.

Ukwati unachitika chaka chotsatira, chimanga china chitalowa m'nkhokwe. Unali wabwino, ndipo a Ngoma anabwera ndi akulu awiri omwe aja, nakhala kutsogolo. Amene anaudalitsa anali wansembe wachinyamata amene anali atangofika kumene, munthu wabwino ndithu, koma amene anachita kuyang'ana pa pepala kuti atchule dzina la mkwatibwi. Pamenepo Clementina anaweramitsa mutu, ndipo atate ake, amene anali pa benchi la kumbuyo kwake, anadziwa chimene mwana wawo akukumbukira. Dzanja limene linamubatiza ndi limene ankafuna kuti lidzamudalitse, ndipo chimenecho panalibe kupepesa kumene kukanachibweza.

Anthu a ku Bundabunda amaikambabe nkhaniyi, ndipo saikamba monyoza, pakuti a Cyprian anali munthu wawo ndipo cholinga chawo chinali chabwino. Liwu lija analimvadi, ndipo analimva m'malo aulemu. Chimene sanadziwe n'chakuti mumng'oma umodzi mumatuluka zinthu ziwiri zofanana maonekedwe, china chotsekemera, china chongomata mano, ndipo wosazidziwa amafunika kufunsa kwa amene anafulapo njuchi. Wowauza anali pafupi, buku linali pafupi, mwini wake wa mwambowo analinso pafupi. Akulu akale sananame pamene anati safunsa anadya phula.